Lazy Bones!!: Chimbale cha phokoso ndi bata chomwe chinajambulidwa mu Lusaka mu 1975

Anthu ambiri akamva dzina lakuti Zamrock amaganiza za phokoso: magitala olira ngati macheka, anyamata a tsitsi lowirira, nsapato za zidendene zazitali ndi mabuluku otambasuka kumapazi. Sakulakwitsa ayi. Gulu lomwe linatchuka kuposa onse pa mayimbidwe amenewa linkatchedwa WITCH, chidule cha mawu akuti We Intend To Cause Havoc, kutanthauza kuti cholinga chawo chinali kuyambitsa chipwirikiti. Koma munthu amene wakhala pansi ndi kumvetsera chimbale chawo chachitatu, Lazy Bones!!, kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yakhumi, amapeza kuti phokosolo ndi theka chabe la nkhaniyo. Theka linalo ndi lofatsa, lachisoni, ngati la munthu amene akulingalira yekha usiku. Nkhani ino ikufotokoza mmene mbali ziwirizi zinakumanira m'chimbale chimodzi, ndi chifukwa chake zinakumana mu Lusaka m'chaka cha 1975.

WITCH siinabadwire mu Lusaka. Inayambira ku Kitwe, ku migodi ya mkuwa, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Woyimba wake wamkulu anali Emmanuel Chanda, amene anthu anamupatsa dzina lakuti Jagari chifukwa kavinidwe ndi kadumphidwe kake pabwalo kankawakumbutsa Mick Jagger wa gulu la Rolling Stones. Chris Mbewe ankaliza gitala yotsogolera, John Muma gitala yothandizira, Gedeon Mulenga gitala ya besi, ndipo Boidi Sinkala ndiye anali pang'oma. Anyamatawa anakula akumva nyimbo za Jimi Hendrix, Deep Purple, Black Sabbath ndi James Brown, zomwe zinkafika ku migodi kudzera pa wailesi ndi m'zimbale zochokera kunja. Anatulutsa zimbale ziwiri, Introduction ndi In the Past, zomwe zinali za rock yosavuta, yongolunjika. Pofuna kujambula chachitatu anatsikira ku likulu, ku situdiyo yotchedwa dB, ndipo kampani ya Teal ndiyo inachitulutsa.

Kuti timvetse mzinda womwe anafikamo, tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Lusaka inakhala likulu la Northern Rhodesia mu 1935, ndipo atsamunda anaimanga moigawa. Azungu ankakhala ku mayadi monga Woodlands ndi Kabulonga, kumene nyumba zili ndi mabwalo aakulu ndi mitengo ya mthunzi. Antchito akuda anawamangira malo monga Kabwata, kumene kunali tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu. Tochepa totsalako ndito timapanga mudzi wa zachikhalidwe wa Kabwata lero lino. Ufulu utabwera pa 24 Okutobala 1964, malire amenewa anayamba kuphwasuka. Akuluakulu a boma ndi a makampani akuda analowa m'mayadi, anthu ochokera kumidzi anakhamukira m'makomboni, ndipo mzinda unatambasukira kum'mawa motsatira msewu wa Great East kulowera ku Chelstone. Mwana wa ku Kabulonga ankatha kumvera chimbale pa galamafoni ya bambo ake pabalaza, pamene mnzake wa ku Kabwata ankamvera nyimbo yomweyo pa kawailesi kapena m'holo ya dansi. Koma onse awiri anali a m'badwo umodzi, woyamba kukula pansi pa mbendera ya Zambia, ndipo ankafuna nyimbo zosonyeza kuti nawonso ndi anthu a dziko lamakono.

Ndalama zoyendetsera zonsezi zinkachokera ku mkuwa, umene unkabweretsa ndalama zakunja zoposa 90 pa 100 iliyonse. Malipiro a m'migodi ndi a m'maofesi ndiwo ankagula zimbale, kulipira pakhomo la dansi ndi kuthandiza magulu kupeza magitala ndi zokuzira mawu. Chinanso chinali lamulo la Pulezidenti Kenneth Kaunda, amene nawonso ankadziwa kuliza gitala. Chapakati pa zaka za m'ma 1970 iwo analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi ya boma zikhale za oyimba a m'dziko muno. Cholinga chawo chinali kulimbikitsa chikhalidwe cha makolo ndi umodzi wa fuko. Chomwe chinachitika n'chakuti wailesi inasowa nyimbo zokwanira, ndipo anyamata a magitala amagetsi ndiwo anadzaza mpatawo. Makampani a Teal ndi Zambia Music Parlour, ya a Edward Khuzwayo ku Ndola, anayamba kusakasaka magulu oti awajambule. Chaka chimodzi chomwecho cha 1975 chinatulutsa Africa cha gulu la Amanaz, Wings of Africa cha Musi-O-Tunya, Zambia cha Rikki Ililonga, ndi Lazy Bones!!.

Nanga n'chiyani chimasiyanitsa chimbalechi? Ku Britain, kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, kunabuka magulu omwe anakana kuti nyimbo ya rock izingokhala ya mphindi zitatu, ya vesi ndi kolasi zobwerezabwereza. Mayimbidwe awo ankatchedwa progressive rock. Nyimbo inkatha kusintha liwiro pakatikati, kusiya mawu kuti zida zilankhule zokha, kapena kuika phokoso ndi bata moyandikana. Chitsanzo chodziwika ndi chimbale choyamba cha King Crimson cha 1969, chomwe chimatsegula ndi nyimbo yaukali kwambiri, kenako n'kutsatiza ina yofewa ya chitoliro. WITCH inachita zofanana ndi zimenezi mwa njira yakeyake, ndi zida zochepa komanso situdiyo yaing'ono.

Nyimbo yotsegulira, Black Tears, imayamba pang'onopang'ono, mawu a Jagari ali otsika ngati a munthu wodandaula. Womvera asanazolowere kufatsako, ng'oma zimathamanga ndipo gitala ya Mbewe imalowa ndi kulira kosasa kuja kotchedwa fuzz. Motherless Child ndi yolemera, yokankha. Kenako pamabwera Strange Dream, yoyenda modekha pamwamba pa gitala yopanda magetsi, pamene gitala yamagetsi ikungolira chapatali ngati mwana wolira m'nyumba ya aneba. October Night imasiya njira yomwe yayambira n'kulowa m'kuliza zida kwa nthawi yaitali. Nyimbo yomwe inapatsa chimbalechi dzina ndi yovinitsa, yokhala ndi kakomedwe ka funk. Pansi pa zonsezi pali ng'oma za Sinkala, zomwe sizimenya molunjika ngati za magulu a ku London. Zimadumphadumpha ndi kudzaza mipata monga zimachitira ng'oma za kwathu. Ngakhale mitu ya nyimbo yokha ikuonetsa maganizo ake: misozi, umasiye, maloto achilendo, usiku. Awa si mawu a anyamata ongofuna kusokoneza.

Chisoni chimenechi chinali ndi pochokera. M'chaka chomwe chimbalechi chinatuluka, nthaka inali itayamba kale kugwedezeka. Mu Disembala 1972 Zambia inakhala dziko la chipani chimodzi. Mu Januwale 1973 boma la Ian Smith linatseka malire a Rhodesia, njira yomwe mkuwa wambiri unkadzera popita ku nyanja. Chaka chomwecho mtengo wa mafuta unakwera padziko lonse, ndipo pofika 1975 mtengo wa mkuwa unali utagwa kwambiri. Boma linayamba kukongola, katundu anayamba kusowa m'masitolo, ndipo mizere ya anthu odikira zinthu zofunika panyumba inayamba kutalika. Sitinganene kuti WITCH inakhala pansi n'kupangana zoimba za mtengo wa mkuwa. Koma oyimba amapuma mpweya womwewo umene omvera awo akupuma. Mnyamata wa mu 1975 anali ndi zifukwa zovinira, pakuti dziko linali lake ndipo nyimbo za pa wailesi zinali zake. Analinso ndi zifukwa zoderera nkhawa, pakuti ntchito yomwe sukulu inamulonjeza inali kuzimiririka. Lazy Bones!! chinanyamula zonse ziwiri, ndipo mwina n'chifukwa chake chimamvekabe chatsopano.

Pambuyo pake gululi linapitiriza kufufuza njira zatsopano. Chimbale cha Lukombo Vibes cha 1976 chinayandikira kwambiri ku mayimbidwe a Chiafirika, ndipo muli nyimbo za mitu ya m'zinenero zathu monga Nasauka. Mu Lusaka momwemo, Paul Ngozi ndi gulu lake la Ngozi Family ankaimba rock yaukali yosakaniza Chingerezi ndi Chinyanja cha m'tauni, yokamba za moyo wa m'makomboni. Koma nthawi inali itatha. Nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe inafika mpaka pakhomo pathu. Pa 19 Okutobala 1978 asilikali a Rhodesia anaphulitsa msasa wa ZAPU ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, ndipo pa chiwembu china cha masiku omwewo ku Mkushi anaphedwa a Alick Nkhata, woyimba ndi muulutsi wotchuka wa m'badwo wam'mbuyo. Malamulo oletsa kuyenda usiku ndi ozimitsa magetsi anapha madansi, omwe ndiwo ankadyetsa oyimba. Jagari anasiya gululo, nakaphunzira za uphunzitsi wa nyimbo ku koleji ya Evelyn Hone pakati pa mzinda. Otsalawo, pamodzi ndi woliza kiyibodi Patrick Mwondela, anatembenukira ku disiko m'zimbale za Movin' On mu 1980 ndi Kuomboka mu 1984. Kenako kunabwera makaseti okopedwa mwakuba, anthu anakonda kalindula, ndipo rock ya ku Zambia inazilala.

Chomwe chinatsiriza zonse ndi imfa. Mliri wa Edzi unakantha oyimba a m'badwo umenewu mopanda chisoni, m'zaka zomwe anthu ankaopa ngakhale kutchula dzina la matendawo, mpaka a Kaunda anaulula poyera mu 1987 kuti mwana wawo anamwalira nawo. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Mwa anyamata asanu a Lazy Bones!!, amene ali moyo lero ndi a Chanda okha. Iwo anakhala zaka zambiri akukumba miyala yamtengo wapatali m'tchire kuti adyetse banja, pamene zimbale zawo zinkadyedwa ndi fumbi m'makabati.

Kuuka kwa chimbalechi kunachokera kunja. Osonkhanitsa zimbale zakale a ku Ulaya ndi ku America anayamba kuchifunafuna, ndipo mu 2012 kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inatulutsanso pamodzi nyimbo za WITCH za m'nthawi ya Jagari. Mu 2019 kunatuluka filimu ya mbiri ya gululi yokonzedwa ndi Gio Arlotta wa ku Italy. A Chanda ndi a Mwondela anayambanso kuimba, mothandizana ndi oyimba achinyamata a ku Ulaya monga Jacco Gardner wa ku Netherlands. Chimbale chawo cha Zango, chomwe chinatuluka mu 2023, anachijambulira ku dB komwe kuja, ndipo mwa oyimba omwe anaitanidwa munali Sampa the Great. Mu 2024 woyimba wa ku America Tyler, the Creator anatenga chidutswa cha Nizakupanga Ngozi ya Ngozi Family n'kuchiika m'nyimbo yake yotchedwa Noid, ndipo anthu mamiliyoni anamva Chinyanja cha mu Lusaka osadziwa n'komwe kuti ndi chinenero chanji.

Zimenezi n'zonyaditsa, koma zili ndi funso mkati mwake. Lusaka ili ndi msewu wa Alick Nkhata, ndipo ku Kabwata kuli msewu wa Paul Ngozi. Maina tinawasunga pa zikwangwani. Nyimbo zenizenizo anatisungira ndi alendo. Ndipo alendowo, pozigulitsa, amakonda kutsindika phokoso ndi chipwirikiti, chifukwa ndizo zimakopa ogula msanga. Mbali yofatsa ija, yomwe imanena za mantha a achinyamata a dziko lomwe chuma chake chinali kugwa, ifeyo ndi amene tingaimve bwino, pakuti makolo athu ndiwo anaima pa mizere ija, ndipo mpaka lero mtengo wa mkuwa ukatsika ku London, mtengo wa ufa umakwera ku msika wa Soweto. Akadalipo m'nyumba za ku Kabwata, Chelstone ndi Woodlands agogo amene anavina nyimbozi zili zatsopano. Chimbalechi chilipo pa intaneti, ndipo n'chachifupi, chosakwana ola limodzi. Ndi bwino kuchimvera muli nawo pafupi, n'kuwafunsa kumene anali pamene anachimva koyamba.