Chloroquine wa ku Ndirande ndi mkangano wa chilengedwe

Ife obadwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 chloroquine sitimudziwa. Timangomva kwa makolo kuti anali wowawa koopsa, ndipo ena akamwa thupi limayabwa usiku wonse. Koma mbali ina ya mbiri yake inachitikira pompano ku Ndirande, ulendo wa minibasi chabe kuchokera kuno ku Kameza, ndipo imakhudza mkangano wa okhulupirira kuti zamoyo zinalengedwa ndi okhulupirira chisinthiko.

Mankhwalawa anapangidwa ku Germany mu 1934, ndipo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha ndiwo anali chida chachikulu cholimbana ndi malungo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ku Colombia komanso cha kumalire a Thailand ndi Cambodia, tizilombo ta malungo tinayamba kusawamva. Mu 1978 vutoli linapezeka kum'mawa kwa Africa. Kuno kwathu ana amamwa mankhwala koma malungo osachoka, mpaka mu 1993 dziko la Malawi linakhala loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba SP, uja tinkamutcha Fansidar.

Mu 2000 asayansi anapeza gwero lake: kusintha kwakung'ono m'jini ya kachilombo yotchedwa pfcrt. Atayeza magazi osungidwa a odwala a mu Blantyre, anapeza kuti mu 1992 kusinthaku kunali mwa odwala 85 pa 100 aliwonse, koma pofika 2000 kunatsika mpaka 13. Mu 2005, Miriam Laufer ndi anzake anayesanso chloroquine pa ana odwala malungo ku Ndirande. Anachiritsa ana 99 pa 100, pomwe SP anangochiritsa 21. Mankhwala omwe tinawataya aja anali atayambanso kugwira ntchito.

Okhulupirira chilengedwe amati nkhani ngati iyi ikuwaikira umboni. Mfundo yawo ndi yakuti kusintha kwa majini kumangowononga, sikumanga chatsopano. Kachilombo kosamva mankhwala kanali kolumala, n'chifukwa chake chloroquine atachoka kanagonja kwa anzake abwinobwino. Komanso pa zaka zonsezi kachilombo ka malungo kakadali kachilombo ka malungo basi, sikanasanduke china. Mu 2007, Michael Behe wa ku America, yemwe amati zamoyo zikuonetsa dzanja la wozipanga, analemba buku la The Edge of Evolution. Ankati kusamva chloroquine kumabadwa mwa apo ndi apo kwambiri, choncho kusintha kongochitika pakokha kuli ndi malire apafupi.

Ine ndimaona kuti pena akunena zoona. Kusinthako kunalidi ndi mtengo wake, apo ayi tizilombo tosamva tija sitikanatha mu Blantyre. Koma mawu oti "kolumala" amadalira malo. M'magazi odzadza chloroquine, kolumalako ndiko kamapulumuka, ndipo kanachokera ku Asia n'kufalikira Africa yense. Kafukufuku wa mu 2010 anaonetsanso kuti tizilombo sitinabwerere chammbuyo ayi. Tosamva tinachepa, tomva mankhwala timene tinatsalira tinachulukanso. Kumeneku ndiye kusankha kwachilengedwe komwe Darwin ankanena mu 1859.

Nanga zoti kachilombo sikanasanduke china? Zaka makumi ochepa sizingaweruze mlandu wa zaka mamiliyoni. Ofuna kuona mitundu yatsopano ayang'ane m'nyanja yathu, momwe mbuna, utaka ndi ncheni, mitundu mazanamazana, majini ake akuonetsa kuti inachokera kwa makolo amodzi. Okhulupirira chilengedwe amayankha kuti nsomba ndi nsomba basi. Pamenepo mkangano wachoka ku labotale, wafika pa tanthauzo la mawu oti mtundu, ndipo sindikuona kuti utha msanga.

Chomwe mkulu wa mpingo ndi mphunzitsi wa bayoloje sangatsutsane ndi ichi: tizilomboti timasintha. Chiyambire 2007 tikudalira LA, ndipo mu 2020 ku Rwanda, kenako 2021 ku Uganda, kunapezeka tizilombo tochedwa kufa ndi artemisinin, gulu la mankhwala omwe ali mu LA. Ukamwa masiku awiri n'kusiya poti mutu waleka kuwawa, watsiriza tofooka n'kupatsa mpata tolimba. Kaya mumati ndi chisinthiko, kaya mumati ndi kusintha m'kati mwa mtundu umodzi, anzanga, LA timalize masiku onse atatu.