Thandizo la chakudya ku Chitala: oyenera kugwira ntchito ndi ndani, ndipo thandizolo limatetezedwa bwanji

Anthu a ku Chitala ndi madera oyandikana nawo m'boma la Salima amalandira thandizo la boma kudzera m'njira zitatu zikuluzikulu. Njirazi zili ndi malamulo osiyana, ndipo chisokonezo chambiri chimene chimabuka pamalo olandirira chimayamba chifukwa chozisakaniza.

Njira yoyamba ndi thandizo la nyengo ya njala, lomwe limayendetsedwa ndi nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA mogwirizana ndi khonsolo ya boma ndi mabungwe monga WFP. Chiwerengero cha ovutika chimachokera ku kauniuni wa komiti ya MVAC, ndipo thandizoli limaperekedwa pakati pa mwezi wa Okutobala ndi Malichi, pamene nkhokwe zambiri zimakhala zitauma. M'chaka cha 2024, chilala cha El Niño chitapsereza mbewu, boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 agweredwa tsoka, ndipo MVAC idapeza kuti anthu pafupifupi 5.7 miliyoni afunika chakudya. Banja losankhidwa limalandira thumba la chimanga la makilogalamu 50 pamwezi, kapena ndalama m'malo mwake. Thandizoli ndi laulere. Palibe amene ayenera kulima m'munda wa wina, kuumba njerwa kapena kusonkha ndalama ya galimoto kuti alandire.

Njira yachiwiri ndi Mtukula Pakhomo, yomwe idayamba m'chaka cha 2006 ku Mchinji, ndipo Salima lidali limodzi mwa maboma oyambirira kufikiridwa. Imeneyi ndi ya mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwirira ntchito, monga a nkhalamba zolera ana amasiye, a anthu aulumali ndi a odwala matenda amgonagona. Kuuza banja lotere kuti liyambe lagwira ntchito ya chitukuko lisanalandire ndiko kuphwanya cholinga chenicheni cha ndondomekoyi.

Lamulo logwira ntchito lili pa njira yachitatu yokha, ya ntchito za mthandizi. Ambiri amazikumbukira ndi dzina la MASAF, koma masiku ano zikuchitika pansi pa ndondomeko yobwezeretsa chilengedwe ya CS-EPWP, yomwe imalandira ndalama kuchokera ku World Bank kudzera ku komiti yoona za chuma cha makhonsolo ya NLGFC. Amene amalembedwa ndi mabanja osauka koma okhala ndi munthu wamkulu wotha kugwira ntchito. Gawo lililonse limakhala ndi masiku olipidwa, kuphatikizapo masiku ena ongodzipereka pa chitukuko cha dera. Ntchito zake ndi kukumba migula ndi ngalande zokolola madzi, kutseka zigwembe, kufesa ndi kudzala mitengo, ndi kusamalira magombe a mitsinje. Kwa alimi a mtedza, thonje ndi chimanga a m'chigwa cha Chitala, kumene madzi ochokera kumtunda amatsika mwamkokomo pothamangira kunyanja, phindu la ntchitozi limaposa malipiro ake. Ana saloledwa kugwira ntchitoyi m'malo mwa makolo awo, ndipo kapitawo sayenera kuchonga dzina la munthu amene sanabwere.

Mmene thandizo limabedwera

Kuba kodziwika ndi kwa maina a m'manda, kutanthauza maina a anthu omwalira kapena osakhalako n'komwe. Pofuna kutseka mpata umenewu, maina amatengedwa mu kaundula wa UBR ndipo amatsimikizidwa pamsonkhano wa mudzi wonse, pomwe polandira pamafunika chiphaso cha unzika cha NRB. Chiphasochi ndi cha mwini wake. Mfumu, wa komiti kapena wobwereketsa katapila alibe mphamvu yochisunga.

Chovutirapo ndi nkhani ya kugawana. M'midzi yambiri, chimanga chikangochoka pamalo olandirira chimasonkhanitsidwanso n'kugawidwa ndi ndowa kwa aliyense, ponena kuti njala sisankha nyumba. Mawuwa amamveka achifundo, ndipo munthu amene mwakufuna kwake wapatsako mnansi wake mbale ya ufa sanalakwe. Koma pamene wolandira akuopsezedwa kuti akakana achotsedwa m'kaundula, kapena kuti mudzi sudzabwera pa maliro ake, kumeneko ndi kulanda. Thumba limene lidayenera kusunga banja kwa mwezi limatha pa sabata imodzi, ndipo kawirikawiri wotsala ndi njala amakhala gogo yemwe sangapite kukapempha ganyu.

Kumene ndalama zimaperekedwa kudzera pa foni, monga pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, nambala yachinsinsi isaperekedwe kwa wina aliyense, ngakhale kwa wothandiza kutapa ndalamayo. Boma siliimbira munthu foni kumuuza kuti atumize kaye ndalama kuti dzina lake lilowe m'kaundula. Wolandira awerenge ndalama zake asanachoke pamalopo, ndipo asasaine kapena kudinda chala pa thandizo limene sanalione.

Kufuna kugonana ndi mayi kapena mtsikana posinthanitsa ndi kulembedwa dzina ndi mlandu waukulu, ndipo wochitiridwayo sachotsedwa pa thandizo chifukwa choulula.

Kokadandaula

Dandaulo liyambire ku komiti yolandira madandaulo ya m'dera, kapena pa tebulo la madandaulo limene limaikidwa pamalo ogawira. Likapanda kumveka, lipite ku ofesi ya bwanamkubwa wa boma la Salima. Nkhani za kuba ndi nkhanza zipite kupolisi, komwe kulinso nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Za ziphuphu zipite ku bungwe la ACB, lomwe lidakhazikitsidwa potsatira lamulo lothana ndi katangale la chaka cha 1995, ndipo za kukondera kwa ogwira ntchito m'boma zipite ku ofesi ya Ombudsman. Wodandaula atchule tsiku, malo ndi kuchuluka kwa chimene chasowa, ndipo ngati pali mboni, apite nayo.