Nkhondo ya pa Doko Inafika ndi Kwathu Kuno

Aphunzitsi anzanga ndi inu amene munadutsa m'manja mwanga, ndimaona kuti tikamaphunzitsa za kuphulitsa madoko pa nkhondo timathamangira ku Hamburg. Kumeneko, mu Julayi 1943, ndege zikuluzikulu za Britain ndi America zinagwetsa mabomba pa mzinda ndi pa malo okhomera sitima, ndipo anthu oposa 30,000 anafa. Chimodzi mwa zolinga chinali kuthyola mdani miyendo sitima zake zisanalowe m'madzi.

Nzeru imeneyi inaonekanso pa nyanja yathu. Mu Ogasiti 1914, Captain Rhoades anapita ndi sitima ya Guendolen ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania. Anapeza sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili kumtunda ikukonzedwa, naiwombera ndi mzinga. Zitatero, Angerezi anatha kunyamula asilikali ndi katundu mosaopa mpaka ku Karonga, kumene nkhondo inabuka mu Seputembala.

Ambiri amene anafa kumeneko anali asilikali akuda. Mu Novembala, John Chilembwe wa ku Mbombwe, m'boma lathu lomwe lino la Chiradzulu, analemba kalata yodandaula za magazi amenewa.

Ana a ku Ndunde tiziyamba nawo pamenepa, Hamburg abwere pambuyo.