Dokotala wa internship ndi ngongole zake: zofunika kudziwa musanasaine fomu

Mwana akangomaliza za udokotala, kunyumba amayamba kale kuwerenga malata. Amalume akufuna feteleza, mlongo akufuna fizi, anzake pa WhatsApp ayamba kumutchula kuti "biggie". Koma amene anayendako m'makonde a Queens usiku akudziwa kuti dokotala wachinyamata uja nthawi zambiri amakhala ali ndi dzina lokha, m'thumba muli mbee. Nkhaniyi ndalembera inu amene muli pa KUHeS, amene mwayamba internship, ndi abale amene mukudikira kudya nawo. Ine si dokotala ayi, yunivesite ndinaisiyira panjira, koma za ngongole ya sukulu ndi masamu a chiwongoladzanja ndimazitsata.

Ulendo wake ndi wautali bwanji

Sukulu ya madokotala ku Blantyre inayamba mu 1991 ngati College of Medicine, ndipo mu 2021 inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Digiri ya MBBS ndi ya zaka 5, ndipo amene achokera ku MSCE amayamba ndi chaka china chokonzekera. Mukamaliza simunamalize. Pali internship ya miyezi 18 m'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, kenako a Medical Council of Malawi amakulembani m'kaundula ngati dokotala wokwanira. Wofuna ukatswiri, kaya wa ana, wa azimayi kapena wa maopaleshoni, amabwereranso kukachita MMed, zaka zina 4 akugwira ntchito ngati registrar. Ena amadzera ku COSECSA, koleji ya madokotala a maopaleshoni ya chigawo chino cha Africa.

Mukaphatikiza zonsezi ndi zaka zoposa 10. Mnzanu amene anachita za akaunti amakhala atagula kale poloti ku Chileka inu mukadali pa call.

Ngongole ya Loans Board

Iyi ndi imene ambiri amaiwala dala. Bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015, ndipo limatolera ngakhale ngongole za anthu amene anaphunzira m'ma 1980. Ndiye zoti adzaiwala, iwalani ndinu. Ngongoleyi imayamba kubwezedwa pakatha zaka 2 chimalizireni sukulu, ndipo lamulo limalamula wokulembani ntchito kuti azidula pa malipiro n'kutumiza ku bungweli.

Kwa dokotala, zaka 2 zimenezi ndi zachinyengo. Chotsanipo miyezi yodikira kuti akutumizeni ku chipatala, chotsaniponso miyezi 18 ya internship, mupeza kuti nthawi yopumira ija yatha tsiku lomwe mukuyamba kusaka ntchito yokhazikika. Ndipo ntchito ya m'boma sibwera yokha internship ikatha, pamafunika kudikira kuti malo atsatsidwe. Choncho musadikire kalata. Funsani ku bungweli kuti ngongole yanu yonse ndi zingati, muone ngati ikugwirizana ndi zaka zimene munalandiradi, ndipo malisiti a chilichonse chimene mwabweza musunge, ngakhale kungowajambula pa foni. Dzina likapita ku credit reference bureau ngati munthu wosabweza, mudzalimva kuwawa tsiku lofuna ngongole ya nyumba.

Komabe kunena zoona, ngongole imeneyi si imene imagwetsa anthu. Sithamanga ngati zinazi.

Zimene zimagwetsa anthu ndi izi

Payslip yoyamba ikangotuluka, mafoni amayamba kulira. Makampani obwereketsa ndalama amakonda ogwira ntchito m'boma chifukwa amadula ndalama yawo malipiro asanafike n'komwe ku akaunti. Kwa iwo chiopsezo n'chochepa. Kwa inu, ndiye kuti mwezi uliwonse mukulandira zotsala.

Funso loyamba musanasaine ndi lakuti chiwongoladzanjacho ndi cha flat kapena cha reducing balance. Ndikupatseni chitsanzo chongopeka kuti muone kusiyana kwake. Mwabwereka K1,000,000 kwa miyezi 12 pa 5 peresenti pa mwezi. Pa flat, amawerengera 5 peresenti ya miliyoni yonse ija mwezi uliwonse, ngakhale mutabweza kale theka, ndiye chiwongoladzanja chimakwana K600,000. Pa reducing balance amawerengera pa ndalama imene yatsala, ndipo chimakhala pafupifupi K354,000. Nambala ya pa chikwangwani ndi yomweyo, 5 peresenti, koma kusiyana kwake ndi pafupifupi K246,000. Wokugulitsani ngongole sanganene yekha zimenezi. Mufunseni kuti alembe pa pepala ndalama yonse imene mudzabweze pomaliza, kuphatikizapo processing fee ndi inshuwalansi, komanso ngati pali chindapusa mukafuna kumaliza msanga.

Chenjeraninso ndi top-up. Amakuimbirani mwaulemu kuti mwabweza bwino, bwerani mudzaonjezere. Chimene chimachitika n'chakuti ngongole yakale aitsekera mu yatsopano, mulipiranso ma fee, ndipo zaka zodulidwa ziyambiranso pa 1.

Za katapila sindichulutsa mawu. K100,000 pa 50 peresenti pa mwezi, mukalephera kubweza n'kumaunjikana, imakhala K150,000, kenako K225,000, mwezi wachitatu K337,500. Ndipo khadi la ATM limakhala lili m'thumba mwa wina. Lilipo lamulo la Loans Recovery Act lolola khoti kuunikanso ngongole ya chiwongoladzanja chonyanyira, koma intern amene wagona ku labour ward masiku awiri nthawi yopita ku khoti aitenga kuti? Tingongole ta pa foni nato timaoneka tating'ono, koma fee ya masiku ochepa ija mukaiwerengera pa chaka imaposa ya ku banki kutalitali.

Ngati muli ndi ngongole zingapo, yambani kupha imene ili ndi chiwongoladzanja chachikulu, zinazo muzingolipira mlingo wofunika. Ngati kubwereka n'kosapeweka, yambani mwafunsa ku SACCO ya kuntchito kwanu, chifukwa kumeneko ndinu membala ndipo phindu likagawidwa mumalandira nawo. Chipereganyu cha anthu anayi kapena asanu a pa ward imodzi chagulira anthu ambiri firiji popanda chiwongoladzanja, bola akhale anthu oti mukuwadziwa kumene amagona.

Kwacha nayo ili ndi mbali yake

Mu May 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti, ndipo mu 2024 Reserve Bank inakweza policy rate kufika pa 26 peresenti. Ngongole zambiri za ku banki zimayendera reference rate, kutanthauza kuti ikakwera, ndalama yobweza pa mwezi imakweranso pamene malipiro ali pomwepo. Kwa registrar vuto lina ndi la mayeso, mabuku ndi misonkhano zolipira m'madola. Ngati mukudziwa kuti chaka chamawa muli ndi mayeso otere, yambani kusunga lero ndipo muike kena pamwamba, chifukwa mtengo wa lero si umene mudzaupeze.

Locum ndi abale

Ndalama ya locum ndi yokoma koma siyodalirika, mwezi wina ilipo, mwezi wina yachedwa. Lendi, chakudya ndi thiransipoti zizikwanira pa malipiro enieni. Ya locum ikabwera ipite ku ngongole kapena ku kathumba ka mwadzidzidzi. Intern akumbukirenso kuti chilolezo chake n'chogwira ntchito moyang'aniridwa, ndiye zothamangira ku kiliniki ya munthu madzulo zingathe kumuonongera pepala limene walivutikira zaka 6.

Abale musawakane, koma muwauze nambala. "Mayi, mwezi uliwonse ndizitumiza yakuti pa 28" imathandiza kuposa kutumiza chilichonse akaimba, chifukwa iwonso amatha kukonzekera. Ndipo mnzanu akakupemphani kuti mumusainire ngati guarantor, dziwani kuti akathawira ku UK ngongoleyo ndi yanu.

Chomaliza ndi cha amene mukulota zokachita ukatswiri ku South Africa. Madokotala ambiri akunja amalowa kumeneko ngati supernumerary registrar, kutanthauza kuti mukugwira ntchito ngati anzanu onse koma chipatala sichikulipirani. Musanakwere basi ya ku Johannesburg, mukhale ndi kalata yonena amene akulipira fizi, amene akulipira lendi m'ma rand, kwa zaka zingati, komanso ngati malipiro anu akuno azipitirira kulowa pa nthawi ya study leave, chifukwa odula ngongole aja sapita nawo pa tchuthi.