Gasi wa Ndowe: Ulendo Wautali Wosafika ku Mbombwe

Gasi wochokera ku zinthu zowola anadziwika kalekale. Mu 1776 Alessandro Volta wa ku Italy anatapa mpweya umene unkatuluka ngati thovu m'madambo a nyanja ya Maggiore, naona kuti umayaka. Pofika 1895, mzinda wa Exeter ku England unkayatsa nyale za m'misewu ndi gasi wochokera ku zonyansa za m'zimbudzi.

Amene anamufikitsa kumudzi ndi India ndi China. M'zaka za m'ma 1970 dziko la China linamanga matanki mamiliyoni opangira gasiyu, koma ambiri anamangidwa mothamanga, anayamba kutaya gasi, eni ake nkuwasiya.

Azungu anapita naye kwina. Gasi wotuluka m'thanki amakhala ndi methane wongopitirira theka pang'ono. Kotsalako ndi carbon dioxide ndi kampweya konunkha kamene kamadya zitsulo. Akamusefa bwinobwino ndiye amatchedwa biomethane, woyendetsera galimoto. Ku Linköping, m'dziko la Sweden, mabasi anayamba kuyendera gasiyu m'ma 1990, ndipo mu 2005 anayendetsera ngakhale sitima yapamtunda. Koma makina osefera ndi odula, amafuna magetsi osathimathima, komanso zinyalala zochuluka tsiku ndi tsiku.

Kuno kwathu mafuta a m'malo mwa petulo si nkhani yatsopano. Fakitale ya ethanol inatsegulidwa ku Dwangwa mu 1982, ina ya PressCane ku Chikwawa mu 2004. Zinatheka chifukwa zotsalira za nzimbe zimaunjikana pamalo amodzi. Ndowe ndiye zamwazikana, khola lililonse ndi pakhomo pake.

Ku Mbombwe, monga m'madera ambiri a Chiradzulu, minda ndi yaing'ono, nkhuni zikusowa. Komabe bomali lili ndi mwayi umene ena alibe: alimi a ng'ombe zamkaka amadyetsera m'khola momwemo, ndiye ndowe sizitayikira kudambo. Chovuta n'chakuti thanki limamwa madzi ofanana ndi ndowezo tsiku lililonse, ndipo wokatunga kumjigo ndi mayi yemweyo amene tikuti tikumupeputsira ntchito. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chikazizira, tizilombo towoletsa ndowe timafooka, moto nkuchepa. Simenti yakwera mtengo. Ndipo paipi ikatsekeka, mmisiri woikonza ali kuti? Apa ndi pamene pandiwawa, chifukwa chomwe chinagwetsa matanki a ku China chija n'chomwecho.

Ine ndikuona kuti kukamba za biomethane wa m'galimoto pakadali pano n'kuthamangira kutali. Alimi a m'bungwe la Shire Highlands Milk Producers Association amasonkhana kale m'magulu poperekera mkaka. Inu a boma ndi amabungwe, yambirani pamenepo: phunzitsani achinyamata a m'magulumo kumanga ndi kukonza matanki, perekani ngongole yobweza ndi ndalama za mkaka, gasi ayambe waphikira nsima.