Mama Chikamoneka: Mai wa pa Msika Amene Anagwedeza Boma

Kale anthu akaona mkazi afuna kuimirira pa gulu kuti alankhule, anali kunena kuti, "Ng'ombe yaikazi sikoka ngolo." Mau amenewa anatseka pakamwa amai ambiri. Ngakhale lero tili ndi atsikana anzeru amene pa sukulu, pa nchito kapena pa msonkhano wa acinyamata amadziwa bwino yankho, koma mtima ukayamba kugunda amangoyang'ana pansi. Mbiri ya dziko lathu ili ndi phunziro kwa iwo, ndipo phunziro limeneli licokera pa msika.

Tisaganize kuti amai a makedzana anali osalankhula. M'midzi ya Acewa ndi Ansenga, anamkungwi anali aphunzitsi olemekezeka, ndipo mau a amai aakulu anali kumveka pa milandu ya banja ndi posankha wolowa ufumu. Koma pamene boma la atsamunda linakhazikika mu Northern Rhodesia, nchito za m'maofesi, m'migodi ndi m'makhoti zinapita kwa amuna. Cilankhulo ca boma cinali Cingelezi, ndipo atsikana opita patali ndi sukulu anali owerengeka. Sekondale ya anyamata ya Munali inayamba mu 1939, koma atsikana anayembekeza kufikira 1946 pamene Chipembi inatsegula makalasi a sekondale. Motero mkazi wa m'tauni anayamba kudziona ngati munthu wopanda conena pamaso pa akuluakulu.

Julia Mulenga Nsofwa anabadwira ku Kasama ca m'ma 1910. Sanapite patali ndi sukulu. Atabwera ku Lusaka anagwirako nchito ya m'nyumba, pambuyo pake nayamba kugulitsa zakudya pa msika. Malo amenewa ndiwo anakhala sukulu yake ya kulankhula. Pa msika munthu wamanyazi amabwerera ndi katundu wake. Uyenera kuitana wogula, kukambirana naye mtengo, ndi kuyankha mwanzeru amene akunyoza. Tsiku ndi tsiku Julia anali kumvanso madandaulo a amai anzake.

Dandaulo lalikulu linali la tsankho m'masitolo. Masiku amenewo munthu wakuda sanali kuloledwa kulowa m'mabuchala ambiri ndi m'masitolo a azungu. Anali kugulira pa kawindo, osasankha nyama imene afuna. Amene anali kumva kuwawa kwenikweni ndi amai, pakuti ndiwo ogula ndiwo. M'zaka za m'ma 1950, cipani ca African National Congress cotsogozedwa ndi Harry Mwaanga Nkumbula cinauza anthu kuti anyanyale masitolo otere. Julia anali mmodzi wa amai amene anali kuima pafupi ndi masitolowo ndi kucenjeza anzao kuti asagule. Pofuna kusokoneza apolisi anadzicha dzina lakuti Chikamoneka, ndipo dzinalo linamukhala mpaka imfa.

Cipani ca UNIP citabadwa mu 1959, iye anakhala mmodzi wa atsogoleri a gulu lake la amai. Panalibe foni kapena wailesi yoitanira anthu ku misonkhano. Mama Chikamoneka anali kuika miyala m'citini, nayenda usiku m'makomboni akuliza citinico kuti amai adziwe kuti kuli msonkhano. Anali kusonkhanitsa ndalama ndi kuphikira omenyera ufulu. Anamangidwa kangapo, koma akatuluka anali kuyambiranso pomwe anasiyira.

Tsiku limene anthu amamukumbukira nalo koposa linafika mu March 1960. Iain Macleod, nduna ya ku Britain yoyang'anira maiko a atsamunda, anabwera ku Lusaka. Anthu anali atatopa ndi citaganya ca Federation cimene cinamanga pamodzi Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland kuyambira mu 1953. Mama Chikamoneka ndi amai anzake anakamucingamira mlendoyo, navula zovala zao za kumtunda pamaso pake, akufuula kuti afuna ufulu. Pa mwambo wathu, mai wacikulire akafika pocita zotere ndiye kuti cisoni ndi mkwiyo zafika pa mapeto, ndipo woona amagwidwa manyazi. Amai amene boma linali kuwayesa osadziwa kanthu anamveka mpaka ku London. Federation inatha mu 1963, ndipo pa 24 October 1964 Zambia inalandira ufulu.

Njira imene amai a pa msika analambula inapitamo ena. Pa cisankho ca mu January 1964, amai atatu anasankhidwa kulowa m'Nyumba ya Malamulo: Nakatindi Yeta Nganga, Margret Mbeba ndi Ester Banda. Gwendoline Konie, amene analowa mu Legislative Council asanakwanitse zaka 30, anadzakhala kazembe wa Zambia ku Sweden ndiponso ku United Nations m'zaka za m'ma 1970. Mama Chikamoneka anamwalira mu 1986 ndipo boma linamuika m'manda mwaulemu wa dziko. Sanaone pamene Inonge Wina anakhala waciwiri kwa Pulezidenti mu 2015, kapena pamene Nelly Mutti anasankhidwa kukhala Sipikala mu 2021. Tangoganizani: m'nyumba imene kale munalibe mkazi ndi mmodzi yemwe, mkazi anakhala pa mpando wopatsa aphungu mpata wolankhula.

Kodi kulimba mtima kwa Mama Chikamoneka kunacokera kuti? Coyamba, anali kukamba zinthu zimene anazidziwa bwino: kawindo ka ku buchala, mtengo wa ndiwo, manyazi a kuthamangitsidwa. Munthu wokamba cimene waona ndi maso ake sasowa mau. Caciwiri, anayambira pang'ono, kwa wogula mmodzi, kenaka kwa amai a pa msika, kenaka kwa khamu. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Cacitatu, sanaime yekha. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pa tsiku la Macleod anali ndi anzake kumanja ndi kumanzere.

Atsikana, musayembekeze kuti mantha athe ndipo kenaka mudzalankhule. Amatha pamene mulankhula. Mukapemphedwa kuwerenga malemba, kupereka lipoti la ndalama kapena kutsogolera zokambirana m'gulu lanu, vomerani. Konzekerani bwino, yesezani pamaso pa mnzanu, ndipo ngati Cingelezi cikuvutani kambani m'Cinyanja. Mawa mukadzalowa nchito, bwana akadzafunsa maganizo anu, mudzakhala mutazolowera kumva liu lanu.

Inunso anyamata muli ndi mbali yanu. Mlongo wanu akaimirira nacita cibwibwi, musamuseke ndipo musamudule mau. Mverani mpaka amalize. Ufulu umene muli nao lero unamenyedwanso ndi mai wogulitsa pa msika, wonyamula citini ca miyala.