Mbiri ya Bvumbwe ndi Nyumba Zakale za m'Dera la Thyolo

Bvumbwe ndi tauni yaing'ono ya m'boma la Thyolo, pa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Thyolo ndi ku Mulanje. Ambiri amaidziwa chifukwa cha msika wake wa kabichi, tomato, karoti ndi mbatata, komanso alimi ake a ng'ombe za mkaka. Koma amene wapatuka pa msewu waukulu amapeza nyumba za njerwa zootcha, mabalani akale a fodya, mafakitale a tiyi ndi matchalitchi, zimene zimasunga mbiri ya derali ya zaka zoposa 100.

Malo ndi dzina lake

Derali lili pa mtunda wokwera mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere. N'chifukwa chake kumazizira, mvula imagwa yokwanira, ndipo m'miyezi ya June ndi July kumachita chiperoni. Nyengo imeneyi pamodzi ndi dothi lakatondo ndi zimene zinakopa alimi achizungu. Dzina loti Bvumbwe ndi la ufumu wa m'derali, umene ndi wa Angoni a kwa Maseko. Limalembedwa m'kalembedwe kakale ka "bv", monga momwe kale ankalembera "bvuto" m'malo mwa "vuto". Atsamunda nawo ankalemba dzina la boma kuti Cholo, ndipo ofufuza m'mabuku akale ayenera kuyang'ana dzina limenelo.

Eni nthaka akale anali Amang'anja. Pambuyo pake kunabwera Ayao ndi Angoni, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1890 Alhomwe ambiri anawoloka malire kuchokera ku Mozambique, kuthawa nkhanza za Apwitikizi ndi njala. Lero Alhomwe ndiwo ochuluka m'boma la Thyolo.

Minda ya azungu ndi thangata

Dziko lino litakhala pansi pa chitetezo cha Britain mu 1891, Harry Johnston anayamba kupereka zikalata za umwini wa malo kwa azungu amene ankati anagula nthaka kwa mafumu. Malo aakulu zedi a m'mapiri a Shire anapita kwa anthu ochepa. Mmodzi wa iwo anali Eugene Sharrer, amene malo ake anakhala a British Central Africa Company mu 1902. Poyamba ankalima khofi, koma atalephera anatembenukira ku fodya, thonje ndi tiyi. Tiyi anayamba ku Mulanje mu 1891, pamene Henry Brown anamubzala ku Thornwood, ndipo anafika ku Thyolo cha m'ma 1908. Pangano la mayiko olima tiyi la 1933 linakweza mitengo, ndipo minda ndi mafakitale zinakula kwambiri.

Anthu okhala pa malo a azungu ankalipira lendi pogwira ntchito, ndipo ena ankagwiranso kuti apeze ndalama ya msonkho wa nyumba. Mchitidwewu unkatchedwa thangata, mawu amene kale ankatanthauza kuthandizana kwa anansi m'munda, koma anasanduka dzina la ntchito yokakamiza. Alhomwe ongofika kumene ndiwo anavutika koposa, poti analibe malo awoawo kothawira. Mu August 1953, chaka chimene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba, mkangano wokhudza malalanje pa esiteti ya Mangunda unabutsa zipolowe zimene zinafalikira m'boma la Thyolo ndi maboma oyandikana nalo, ndipo anthu 11 anaphedwa. Thangata anathetsedwa mwalamulo mu 1962. Pamene tikuyang'ana nyumba zokongola za m'maesiteti, tizikumbukira kuti njerwa zake zinaumbidwa ndi kusenzedwa ndi makolo a anthu omwe akukhala m'midzi yozungulira lero lino.

Nyumba za m'minda ya tiyi

Nyumba za mabwana a m'maesiteti zimafanana mamangidwe: makoma ochindikala a njerwa zootchera pomwepo, denga lalitali la malata, khonde lalikulu lozungulira, ndi chumuni cha moto wootha m'nyengo yachisanu. Khonde limateteza makoma ku mvula ndi dzuwa, ndipo denga lalitali limachititsa kuti m'kati muzizizira. Amisiri ankakonda matabwa a mkungudza wa ku Mulanje chifukwa chiswe sichiudya msanga. Chitsanzo chodziwika ndi Huntingdon House pa esiteti ya Satemwa. Esitetiyi anaiyambitsa ndi Maclean Kay, wa ku Scotland, mu 1923, ndipo nyumbayo inamangidwa mu 1928 ngati nyumba ya banja lake. Pambuyo pake inasandutsidwa malo ogona alendo. Dzina lina lakale ndi la Ignazio Conforzi, wa ku Italy, amene anatsegula minda ya fodya ndi tiyi yodziwikabe ndi dzina lake.

Nyumba za antchito, zotchedwa malaini kapena makomboni, zinali zazing'ono, zondondozana, za chipinda chimodzi kapena ziwiri. Sizikopa alendo, ndipo ndi zimene zimayamba kugwetsedwa. Komabe ndizo zimafotokoza bwino moyo wa othyola tiyi, alonda ndi akapitawo. Chimodzimodzi mabalani aatali a njerwa, amene amasonyeza kuti m'malo ambiri fodya ndiye anatsogola tiyi asanabwere.

Malo a kafukufuku wa ulimi

Malo a kafukufuku wa zaulimi a Bvumbwe anatsegulidwa mu 1940, makamaka pofuna kufufuza za mtengo wa tung, umene mbewu zake zimatulutsa mafuta opangira penti ndi vanishi. Pa nthawiyo mbewuyi inkalimidwa kwambiri m'mapiri a Shire. Mafakitale a kunja atapeza mankhwala ena olowa m'malo mwa mafutawo, msika unagwa, ndipo minda yambiri inabzalidwa makadamiya. Malowa anasanduka likulu la kafukufuku wa zipatso, ndiwo zamasamba ndi mbewu zina za m'dimba. Maofesi ndi nyumba za ogwira ntchito kumeneko ndi chitsanzo cha mamangidwe a boma a nthawi ya atsamunda.

Mamishoni ndi matchalitchi

Bvumbwe ili mu Arkidayosizi ya Blantyre, imene mizu yake ndi ntchito ya ansembe a chipani cha Montfort. Abambo Pierre Bourget, Auguste Prézeau ndi Antoine Winnen anatsegula mishoni ya Nzama ku Ntcheu mu 1901. Posakhalitsa anatsegula Nguludi ku Chiradzulu, kufupi ndi malire a Thyolo, ndipo malowa anakhala likulu la Ambuye Louis Auneau, amene anakhala episkopi mu 1910. Pa nkhondo ya John Chilembwe mu January 1915, mishoni ya Nguludi inatenthedwa, koma inamangidwanso. Amene anafikitsa maphunziro ndi katekisimu m'midzi ndi m'makomboni anali aphunzitsi ndi akatekisiti, ambiri a iwo Alhomwe, oyenda pansi kuchokera ku sukulu ina kupita ku ina. Timatchalitchi tawo toyamba tinali ta zidina ndi udzu, choncho tochepa kwambiri tinatsala. Blantyre inakwezedwa kukhala arkidayosizi mu 1959, ndipo Ambuye James Chiona anakhala Mmalawi woyamba kuitsogolera. Kufupi ndi Bvumbwe kuli malo ochitira misonkhano ndi maphunziro a utumiki a Nantipwiri, amene akatekisiti ambiri amawadziwa.

Kum'mwera kwa boma, ku Makwasa, kuli mishoni ya Malamulo ya mpingo wa Seventh-day Adventist. Poyamba inkatchedwa Plainfield, ndipo anaiyambitsa ndi Joseph Booth. A Adventist anaigula mu 1902, ndipo mmishonale wawo woyamba kumeneko anali Thomas Branch, munthu wakuda wa ku America. Chipatala chake chinatchuka m'zaka za m'ma 1920 chifukwa chosamala odwala khate.

Sitolo ndi njanji

Njanji yochokera ku Port Herald, yomwe lero ndi Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908 kudzera ku Luchenza ndi Limbe. Tiyi ndi fodya wa ku Thyolo ankapita kunja kudzera pa njanjiyi, ndipo misewu ya m'maesiteti inalunjika ku masiteshoni ake. M'matauni aang'ono a m'mbali mwa misewu imeneyi, Amwenye anamanga sitolo za khonde la nsanamira kutsogolo, kumene atelala ankakhala ndi makina awo, pamene banja linkagona kuseri. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda linawalamula kuti achoke kumidzi n'kukachita malonda m'mizinda yokha. Sitolo zambiri zinapita kwa Amalawi, zina zinasinthidwa, zina zinagwa.

Kusamala zimene zatsala

Adani a nyumba yakale ndi madzi, chiswe ndi kunyalanyaza. Denga likayamba kudontha, matabwa amaola ndipo khoma limafewa. Namondwe wa Freddy wa mu March 2023, amene anawononga kwambiri ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Blantyre, anasonyeza kuti chimene chakhala zaka zambiri chingathe kutha usiku umodzi. Choyamba ndi kukonza malata ndi ngalande mvula isanayambe. Makoma amene anamangidwa ndi dothi kapena laimu asamatidwe simenti yolimba, chifukwa imatsekera chinyezi m'kati ndipo njerwa zimafumbutuka. Komiti ya tchalitchi ikafuna kumanga nyumba yopemphereramo yaikulu, iganizire zosandutsa yakaleyo holo kapena kalasi ya katekisimu m'malo moigwetsa. Pa nyumba zimene boma linaziika m'gulu la zotetezedwa, lamulo limafuna chilolezo cha nthambi ya boma yoona za zinthu zakale asanazisinthe.

Mapepala nawo ndi ofunika ngati njerwa. Mabuku a ubatizo ndi a ukwati amalemba mayina a makolo, a midzi ndi a mafumu, ndipo kwa mabanja ambiri ochokera ku Mozambique ndiwo umboni wakale kwambiri wa kufika kwawo. Asungidwe pouma, m'kabati yotseka, ndipo ajambulidwe tsamba ndi tsamba. Zolembedwa za boma zili ku National Archives ku Zomba, pamene zithunzi ndi mabuku akale zili ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House, nyumba ya mu 1882 ya ku Blantyre. Koma mayina a amisiri amene anaumba njerwa ndi kukhoma madenga sali m'mabuku amenewa. Ali m'mitima ya agogo athu m'miphakati, ndipo katekisiti amene angakhale nawo pansi ndi kope ndi cholembera adzapulumutsa zimene sizidzapezekanso kwina kulikonse.